Kodi mayi wopanda digiri angakhale phungu?

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina, mphunzitsi wa ku pulayimale. Akuti anthu a kwawo akuwakakamiza kuti adzaimire uphungu pa chisankho chikubwerachi, koma mtima ukuwabweza chifukwa ali ndi MSCE ndi satifiketi ya uphunzitsi basi. Akufunsa ngati maphunziro amenewa akukwanira.

Mayi, mwa lamulo mukukwanira. Gawo 51 la malamulo aakulu a dziko lino limafuna kuti mukhale nzika ya Malawi, wa zaka zosachepera 21, wolembetsa m'kaundula wa ovota, komanso wotha kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira kutenga nawo mbali pa zokambirana za m'Nyumba ya Malamulo. Za digiri mulibemo. Amene akukuopsezani nazo sanawerenge.

Koma ndikanama ndikakuuzani kuti sukulu ilibe ntchito. Taonani njira ya mayi Catherine Gotani Hara. Anaphunzira ku Kamuzu Academy, kenako ku Chancellor College ku Zomba, nagwirapo ntchito ku DFID, lomwe linali bungwe la boma la Britain loona zachitukuko. Mu 2009 anapambana ku Mzimba North East, pambuyo pake anakhala nduna mu ulamuliro wa mayi Joyce Banda, mpaka kuyendetsa unduna wa zaumoyo. Kuyambira 2014 anali kunja kwa Nyumba. Atabwerera mu 2019 pa tikiti ya MCP, aphungu anzawo anawasankha kukhala Sipikala, mayi woyamba pa mpandowo chiyambire, ndi mavoti 97 pamene mayi Esther Mcheka Chilenje anapeza 93. Tsiku limenelo ndinasangalala kwambiri, makamaka poona kuti opikisana onse awiri anali amayi.

Chimene sukulu inawapatsa, m'kuona kwanga, si pepala ayi, koma kuzolowera zolemba zazitali. Ntchito yeniyeni ya phungu ili m'mabuku a bajeti, m'mabilu a masamba ambirimbiri, ndi m'makomiti momwe mumakhala maso ndi maso ndi mlembi wamkulu wa unduna n'kumufunsa komwe ndalama zapita. Phungu amene sawerenga amangoyankha kuti "eya" anzake akayankha. Inu amene mumalemba sikimu ndi kuchonga makope a ana ambiri tsiku ndi tsiku, kuwerenga sikungakuvuteni. Yambani lero ndi malamulo aakuluwo, ndipo Nyumba ikamakumana muzimvetsera pa wayilesi mmene mafunso amafunsidwira. Digiriyo mungathe kudzaichita muli kale m'Nyumba, ena atero.

Pamene ndikukuderani nkhawa ndi pena. Amayi ambiri sagwera pa maphunziro, amagwera pa mapulayimale a chipani. Kumeneko kumafunika ndalama zamafuta, nsalu ndi zoyendera, ndipo masiku ndi malo ovotera amatha kusintha mwadzidzidzi. Palinso pakamwa pa anthu. Mwamuna akaimira amamufunsa za mijigo ndi milatho, koma mayi amamufunsa za banja lake ndi yemwe akuwaphikira ana. Zimandipweteka. Mu 2014 amayi 32 okha ndiwo anapambana pa mipando 193, kutsika kuchokera pa chiwerengero cha 2009, ngakhale kampeni ya 50:50, yofuna kuti chiwerengero cha amayi ndi abambo m'maudindo chifanane, inali m'kati. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa ndalama ndi zinthu pokopa ovota, koma chizolowezicho sichinafe, ndipo mudzakumana nacho pa maliro aliwonse.

Chinthu china musachiphonye: mphunzitsi wa boma amayenera kutula pansi ntchito kuti aimire, Gawo 51 lomwe lija limatero. Ndiye musanalembe kalatayo, khalani pansi ndi a kunyumba muwerengetsere bwino za penshoni ndi fizi ya ana. Mufufuzenso malire a dera lanu, chifukwa madera anawonjezedwa kufika 229, ndipo midzi ina imene mukuidalira mwina inagwera kwa oyandikana nawo.