Kwa mphunzitsi watsopano wa utolankhani: ophunzira anu azituluka ndi ntchito m'manja

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi ena amene agwira ntchito pa wailesi kwa zaka zingapo, ndipo tsopano apatsidwa kalasi ya utolankhani ku koleji. Funso lawo linali lakuti: "Ndiwaphunzitse bwanji ana amenewa kuti akamaliza apeze ntchito? Zida ndi zochepa, ophunzira ndi ambiri, ndipo ine sindinaphunzitsepo."

Mayi, zikomo pondilembera. Musadzichepetse, pakuti zimene mwabwera nazo kuchokera ku wailesi ndi zimene ophunzirawo akuzisowa kwambiri. Langizo langa lalikulu ndi ili: kalasi yanu isanduke chipinda cholembera nkhani, ndipo inu mukhale mkonzi wawo. Manotsi ali ndi malo ake, koma munthu amadziwa kutola nkhani akamatola nkhani.

Maganizo amenewa ndi akale ndithu. Pamene Walter Williams ankatsegula sukulu ya utolankhani pa University of Missouri ku America mu 1908, ophunzira anatulutsa nyuzipepala yeniyeni tsiku lomwe maphunziro anayamba. Mpaka lero nyuzipepala ya Columbia Missourian imalembedwa ndi ophunzira, akonzi odziwa ntchito akuwayang'anira. Inunso mungathe, ngakhale mopanda makina osindikizira. Agaweni m'magulu a anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, ndipo gulu lililonse lizitulutsa nkhani za mphindi zisanu sabata iliyonse, n'kuziika pa intaneti pomwe anthu enieni angazimve. Maudindo azisinthana: amene anali mkonzi sabata ino akhale wojambula mawu sabata yamawa. Nthawi yoperekera ntchito ikakwana, musalandire yochedwa. Mukudziwa nokha kuti nthawi ya nkhani ikafika, wailesi sidikira munthu.

Kuchuluka kwa ophunzira kusakufooketseni. Simungachonge zonse mozama, ndiye sankhani nkhani ziwiri kapena zitatu, bisani mayina a olemba, muzikonze pamaso pa kalasi yonse. Aone cholembera chanu chikufufuta ndime yoyamba yonse chifukwa nkhani yeniyeni yabisala m'ndime yachinayi. Afunseni: wachita ndani, wachita chiyani, kuti, liti, chifukwa chiyani, motani? Auzeni chifukwa chake zofunika zimakhala pamwamba: malo akachepa mkonzi amadula kuyambira pansi, ndipo wowerenga amasiyira panjira.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikupemphani kuti muumirepo mtima, ndicho mayina a anthu. Ndili wamng'ono pantchito ndinalemba nkhani ya ngozi, ndipo ndinalakwitsa dzina la mwana amene anamwalira. Tsiku lotsatira bambo ake anabwera ku ofesi atapinda nyuzipepalayo m'manja. Sanakalipe ayi. Anangoloza ndi chala pamene panali dzinalo, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Mwana wanga sanali ameneyu." Ndinali nditangolimva dzinalo pa foni, osapempha kuti andiuze kalembedwe kake. Safunsa anadya phula. Kuyambira pamenepo ndimapereka kope kwa munthu kuti alembe yekha dzina lake, ndipo wophunzira amene walakwitsa dzina ndimamubwezera ntchito yonse, ngakhale ikhale yokoma bwanji.

Za zida, foni imene ali nayo m'thumba ndi yokwanira kuyambira. Muwaphunzitse kusamala mawu kuposa chithunzi, chifukwa anthu amapirira kanema wosawala bwino, koma mawu akamasokosera amatseka. Asendeze foni pafupi ndi pakamwa pa wolankhula, afulatire mphepo, avale mahedifoni kuti amve zimene zikulowadi, ndipo asanachoke ajambule masekondi makumi atatu a phokoso la pamalopo kuti adzalumikizire bwino pokonza. Audacity ndi pulogalamu yaulere yokonzera mawu. DaVinci Resolve ili ndi mtundu waulere wokonzera kanema, ngakhale imafuna kompyuta yamphamvu. Awonetseninso kufufuza gwero la chithunzi pa TinEye kapena Google Lens, kuti asamatengeke ndi zithunzi zakale zimene zimazungulira pa WhatsApp ngati za lero.

Khalidwe la pantchito musalisungire mayeso okha. Malamulo a bungwe la atolankhani la ku America la Society of Professional Journalists, amene anakonzedwanso mu 2014, aima pa mfundo zinayi: kufunafuna choonadi ndi kuchinena, kuchepetsa kupweteka anthu, kuima pawekha, ndi kuvomera kuyankha pa zimene walemba. Koma mfundo zimenezi zimalowa m'mutu zikakhala ndi nkhope. Afunseni kuti adzatani munthu akadzawapatsira envulopu ya ndalama msonkhano utatha, kapena mayi wolira akadzawapempha kuti asajambule. Asiyeni atsutsane, inu mulankhule pomaliza.

Tsopano za ntchito. Auzeni zoona: ntchito za m'nyuzipepala zachepa m'maiko ambiri chifukwa ndalama za otsatsa malonda zinasamukira ku Google ndi Facebook. Ambiri mwa iwo adzalembera mabungwe, adzakonza mapodikasiti (mapulogalamu omvera pa intaneti), adzajambulira makampani, kapena adzagulitsa nkhani imodziimodzi kwa akonzi osiyanasiyana. Choncho aphunzire kufotokoza nkhani imene akufuna kulemba m'ndime imodzi yokha, kugwirizana za malipiro asanayambe ntchito, ndi kulemba invoisi, chikalata choitanitsira malipirowo. Zimenezi masilabasi ambiri amazidumpha, koma ndi zimene zimadyetsa munthu.

Digiri imatsegula khomo, inde, koma mkonzi akalandira kalata yofunsira ntchito amathamangira kuona zimene munthuyo wachitapo. Wophunzira aliyense atuluke ndi ntchito zisanu kapena zisanu ndi imodzi zimene akuzinyadira: nkhani yolemba, ya mawu, ya kanema, ndi ina imene anaifufuza kwa nthawi yaitali. Zikhale pamalo amodzi pa intaneti, ndipo linki yake izitseguka pa foni. Linkiyo muziiyesa nokha musanawapatse malikisi.

Akamapita ku atachimenti, muwauze afike tsiku loyamba ali ndi maganizo a nkhani zitatu, osakhala pakona kudikira kutumidwa. Ngati n'kotheka alawe malo osiyana, wailesi chaka chino, nyuzipepala kapena bungwe chaka chamawa, pajatu mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Anzanu amene munagwira nawo ntchito aitaneni adzamvere ntchito za ophunzira ndi kuzidzudzula, chifukwa kumeneko ndi kumene mayina a ana anu adzayambe kudziwika.

Tsiku lanu loyamba musaliwononge powerenga silabasi. Apatseni mphindi makumi anayi, atuluke panja, aliyense akalankhule ndi munthu amene sakumudziwa, abwere ndi dzina lolembedwa bwino, mawu amodzi ogwidwa ndendende, ndi chiganizo choyamba cha nkhani. Mukadzaziwerenga madzulo ake, mudzandilemberenso kuti mwapezamo zotani.