Masitazi ya clinical pharmacy: funsani kaye kuti m'wodi mukakhalamo nthawi yochuluka bwanji

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati muli ndi digiri ya pharmacy, mwagwira zaka ziwiri pachipatala cha boma, tsiku lonse limathera pawindo ndi kosungira mankhwala, ndiye mukufuna kudziwa ngati masitazi ya clinical pharmacy ili ndi phindu, komwe mungakaichite, kapena mungotsatira anzanu amene alowera ku public health ndi supply chain. Ndiyankha motalikirapo chifukwa pamphambano yomweyi nanenso ndinaimapo, wondilozera njira panalibe.

Tiyambe ndi mayina, chifukwa ambiri amasokonekera pomwepa n'kulipira sukulu yolakwika. Clinical pharmacology ndi sayansi ya mmene mankhwala amayendera m'thupi, ndipo nthawi zambiri imakufikitsani ku kafukufuku. Hospital pharmacy ndi kuyendetsa dipatimenti yonse: kuitanitsa mankhwala, kuwasunga, kusakaniza a khansa mosamala, kukhala m'komiti yoona za mankhwala pachipatala. Clinical pharmacy ndi ntchito ya pambali pa bedi. Wodwala mmodzi, fayilo yake, zotsatira za kulabu, ndi funso loti mankhwala awawa, pa mlingo uwuwu, akumuthandiza munthu uyu kapena akumupweteka.

Ndikuuzeni zimene ndinaona ndi maso anga. Bambo wina anagonekedwa m'wodi ya abambo, ali pa mankhwala a TB komanso pa ma ARV aja a TLD. Mukudziwa kuti rifampicin, mmodzi mwa mankhwala a TB, amachititsa chiwindi kuphwanya mofulumira dolutegravir, amene ali mu TLD, n'chifukwa chake wodwala wotere amafunika dolutegravir wina wa 50 mg patatha maola 12. Dokotala analemba bwinobwino. Ku pharmacy anapereka bwinobwino. Nditafika pabedi ndinapempha mayi amene ankadwazika, akazi awo, kuti andionetse mankhwala onse. Anatulutsa jumbo pansi pa bedi, ndipo m'katimo munali botolo la dolutegravir losatsegula n'komwe. Anati, "Awa tikusungira, tidzayamba enawa akatha." Kuwonjezera apo, mapiritsi owonjezera magazi ankawamwetsa m'mawa pamodzi ndi TLD m'mimba mulibe kanthu, pomwe iron amagwira dolutegravir m'matumbo kuti asalowe bwino m'magazi. Pa pepala zonse zinali m'malo mwake. Vutolo linali m'jumbo, ndipo jumbo siibwera pawindo. Tinakhala pansi ndi mayi aja, tinalemba m'buku lawo la kuchipatala kuti botolo ili ndi la madzulo, awa amwe patapita nthawi, ndipo anabwereza okha mpaka ndinakhutira.

Ndiye mukamasankha sukulu, muyeso wake ukhale umenewo. Dzina la yunivesite ndi dziko zibwere pambuyo. Alembereni muwafunse kuti pa maphunziro onsewo ndi miyezi ingati imene wophunzira amakhala m'wodi, amazungulira mawodi ati, ndipo womuyang'anira kumeneko ndi clinical pharmacist amene amagwiradi ntchito m'chipatalamo kapena mphunzitsi wongobwera kamodzi pamwezi. Funsaninso za mayeso. Ngati onse ndi olemba papepala, popanda tsiku loti muime pabedi n'kufotokoza wodwala pamaso pa okuyesani, muganize kawiri. Masitazi za pa intaneti zachuluka ndipo zina zimaphunzitsa bwino za m'mabuku, koma sizingakuphunzitseni kuyankha dokotala wamkulu amene wakutembenukirani pa raundi n'kufunsa kuti gentamicin, mankhwala opha mabakiteriya amene angawononge impso, timupitirize kapena ayi, poti creatinine, muyeso wa mmene impso zikugwirira ntchito, wakwera.

Kwa ine, sukulu za m'chigawo chathu chino ziyenera kukhala zoyamba kuziganizira. University of Zambia ili ndi Master of Clinical Pharmacy, ndipo ophunzira amagwiritsa ntchito University Teaching Hospital ku Lusaka, komwe Chinyanja chimakuthandizani kuyankhula ndi odwala kuyambira tsiku loyamba. Musachipeputse chimenecho, chifukwa theka la ntchitoyi ndi kufunsa mbiri ya mankhwala. University of Nairobi ili ndi yake, yophunzirira ku Kenyatta National Hospital. Ku Dar es Salaam kuli MUHAS, yunivesite ya zaumoyo ya Muhimbili. Ku South Africa yodziwika kwambiri ndi Sefako Makgatho Health Sciences University, imene kale inkatchedwa Medunsa, pafupi ndi Pretoria, komanso University of the Western Cape. Ubwino wake ndi woti matenda amene mukakumane nawo ndi omwe mudzawapeze pobwerera: HIV, TB, malungo, matenda oumitsa khosi, ana obadwa masiku asanakwane, shuga ndi BP zimene zikuchulukirachulukira. Mukaphunziranso kuganiza pamene mankhwala amene buku likunena kulibe.

Za ku UK zimafuna kuzimvetsa bwino chifukwa njira zake ndi ziwiri zosiyana. Ma pharmacist a kumeneko amaphunzira ntchito ya m'wodi ali pantchito m'zipatala za boma za NHS, akuchita postgraduate diploma pang'onopang'ono, kawirikawiri zaka ziwiri. Kuti mulowe njira imeneyo muyenera kulembetsedwa ndi General Pharmaceutical Council, kutanthauza chaka cha OSPAP, maphunziro a ma pharmacist ochokera kunja, chaka china chophunzira pantchito (foundation training), kenako mayeso awo. Ndi ndalama zambiri, ndipo ndi njira ya munthu amene akufuna kukhazikika konko. Njira inayo ndi MSc ya chaka chimodzi ya ophunzira ochokera kunja, ngati ya ku UCL ku London. Maphunziro ake ndi apamwamba, mukaona mmene chipatala chokhala ndi pharmacist m'wodi iliyonse chimayendera, koma popeza simunalembetsedwe, m'wodi mumakhala woonerera. Mukaidziwa choncho musanapite, simukhumudwa.

Ku America ndi kutali. Kumeneko akamaliza digiri yawo ya PharmD amachita residency, maphunziro a pantchito m'chipatala, chaka choyamba PGY1, chachiwiri PGY2 cha mbali imodzi monga khansa kapena ICU. Wochokera kunja amayamba ndi mayeso a FPGEE, oona ngati digiri yake ikufanana ndi yawo, ndipo amene anamaliza kuyambira 2003 amafunika digiri ya zaka zisanu.

Pa ndalama, yang'anani Beit Trust, imene imathandiza anthu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, komanso Commonwealth ndi Chevening. Chevening imafuna kuti mukhale mutagwirapo ntchito zaka ziwiri, ndiye inu mwafikapo, ndipo imafuna kuti mukamaliza mubwerere kwanu kwa zaka ziwiri. Musanalipire kalikonse, funsani ku NCHE, bungwe loona za maphunziro apamwamba, ndi ku PMRA, bungwe loona za mankhwala ndi ma pharmacist, ngati pepala la sukuluyo adzalizindikire, ndipo nkhani ya tchuthi cha maphunziro muiyambe msanga chifukwa makalata a boma sathamanga.

Tsopano zowawa zake, poti sindikufuna kukunamizani. Digiri ya pharmacy kuno inayamba mu 2006 ku College of Medicine, yomwe pano ili m'kati mwa Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS). Ntchito yathu idakali yaing'ono ndipo ma pharmacist ndi ochepa. Mukhoza kubwerako ndi masitazi yanu n'kupeza kuti akukufunani pa stock card ndi pa maoda a ku Central Medical Stores Trust, chifukwa palibe wina woti achite. Anzanu a supply chain ndi public health mwina adzapeza ntchito m'mabungwe inu musanapeze, malipiro awonso n'kukhala okwererapo. Sanalakwitse, chifukwa mankhwala akasowa pashelefu palibe chimene wa m'wodi angachite. Ngati chimene mukufuna kwambiri ndi malipiro m'zaka zitatu zikubwerazi, njira yawoyo ndi yachidule.

Koma ngati mtima wanu uli pa wodwala, malo alipo ndipo akukula. Onani mmene jakisoni wopha mabakiteriya wa ceftriaxone amaperekedwera m'zipatala zathu, pafupifupi aliyense wobwera ndi kutentha thupi. WHO inamuika m'gulu la Watch, la mankhwala ofunika kuwasamala, ndipo kafukufuku wa ku Queen Elizabeth ku Blantyre anaonetsa kale kuti tizilombo tambiri ta m'magazi tasiya kumumva. Pakufunika munthu woti tsiku lachitatu afunse kuti kodi wodwalayu akufunikabe jakisoni, kapena angayambe kumwa mapiritsi, kapena asiyiretu. Onani za cryptococcal meningitis, matenda oumitsa khosi oyamba ndi fangasi. Kafukufuku wa AMBITION, amene Blantyre ndi Lilongwe anatenga nawo mbali, anachititsa kuti mu 2022 WHO ivomereze liposomal amphotericin B wa 10 mg pa kilogalamu kamodzi kokha, pamodzi ndi flucytosine ndi fluconazole kwa masiku 14. Amphotericin ameneyu amasungunulidwa ndi madzi a jakisoni n'kuikidwa mu dextrose, osati mu saline, ndipo potaziyamu, impso ndi magazi ziyenera kuyang'aniridwa. Ndani woyenera kuima pamenepo kuposa inu? Onjezerani chipatala cha khansa ku Kamuzu Central, dialysis, ICU, ndi wodi ya makanda komwe kulakwitsa kadontho ka pa nambala (decimal point) polemba mlingo kumachulukitsa mankhwala kakhumi.

Musadikire sukulu kuti muyambe. Sabata ino pitani kwa a DMO (District Medical Officer) ndi kwa nesi woyang'anira wodi imodzi, muwapemphe kuti tsiku limodzi pasabata muzilowa nawo raundi. Masiku oyamba muzimvetsera kwambiri, muzinyamula Malawi Standard Treatment Guidelines, ndipo mukaona cholakwika muzinena ngati funso, pambali, osati pamaso pa wodwala. Khalani ndi kope lolembamo vuto limene mwapeza, zimene mwalangiza, ndi ngati zalandiridwa, osalemba mayina a odwala. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi mudzadziwa nokha ngati ntchitoyi mukuikondadi, fungo la m'wodi ndi maliro ake omwe. Kope lomwelo lidzakupatsani zolemba m'kalata yofunsira sukulu ndi mutu wa kafukufuku wanu, ndipo madokotala amene mwayenda nawo ndi amene adzakulembereni makalata okuchitirani umboni.

Mukafuna, ndilembereni ku inbox ndikutumizireni fomu imene ndimagwiritsa ntchito polemba zimenezi pa raundi. Ndi tsamba limodzi lokha.