Kodi mwana wanga akadya mokhuta ku usilikali?

Mayi wina wa kuno ku Mangochi wandilembera kuti mwana wake watengedwa usilikali ndipo akupita kukaphunzira kusukulu ya asilikali ya MAFCO ku Salima, choncho akufuna kudziwa ngati asilikali amadya mokhuta.

Mayi, funso lanuli landikhudza chifukwa ndinaleredwa ndi malume amene anali msilikali. Ankabwera kutchuthi ali ojintcha, komabe asanavule n'komwe nsapato ankapempha agogo kuti awaphikire utaka wothira tomato ndi nsima ya mgaiwa. Sindinawamvepo akudandaula za njala. Chimene chinkawatopetsa chinali nyemba za tsiku ndi tsiku, nsima yophikidwa mumphika wa anthu mazana imene imafika m'mbale itazizira kale, komanso kudya mothamanga wina ali chiimire kukuwerengera nthawi.

Ine sindivomereza zoti msilikali wodandaula za ndiwo ndi wofooka. Munthu amene wayenda tsiku lonse atasenza mfuti ndi chikwama ayenera kupeza chakudya chotentha, ndipo kutero si kumuchitira chifundo ayi. Vuto lina ndi mwambo umene tinatengera kwa Angelezi kuyambira nthawi ya gulu la asilikali a atsamunda la King's African Rifles, woti akuluakulu azidyera kumalo awoawo otchedwa mesi, motero dandaulo la msilikali wamba limachedwa kufika kwa amene angathe kulikonza, poti iwowo sanalawe ndiwozo.

Mnzanga wina anali m'gulu la asilikali athu amene kuyambira 2013 ankagwira ntchito kum'mawa kwa DRC pamodzi ndi anzawo a ku Tanzania ndi South Africa. Iye amanena kuti zakudya zam'chitini ndi mabisiketi zimene ankatenga polowa m'tchire zinkadzaza mimba ndithu, koma palibe amene ankati wadya mpaka atabwerera kukampu n'kuona nsima. Ndipo ngakhale mwana wanu atadzatumizidwa kwa asilikali apamadzi ku Monkey Bay, musayembekezere kuti chambo chidzakhala ndiwo ya masiku onse, chifukwa chikusowa ndipo chakwera mtengo ngakhale kwa ife amene tikukhala m'mbali mwa nyanja.

Nanga muchite chiyani?

Mwanayo akadya, ndipo akadzaonda pa maphunzirowo, chomuondetsa chidzakhala kuthamanga ndi kuchepa kwa tulo. Musamutumizire phukusi musanafunse ngati malamulo a kumeneko akulola. Akakulolani, mtedza wokazinga ndi usipa wouma siziwonongeka msanga.