Musaitsuke kaye njingayo

Achimwene, pepani ndi zomwe zakugweranizi. Mwafunsa ngati matope omwe akakamira pa njinga yanu yamoto, imene inabedwa pa Kamuzu Road n'kupezeka itatayidwa patchire, angathandize apolisi kudziwa komwe inabisidwa. Angathandize ndithu, bola musaitsuke kapena kupala matopewo.

Dothi la ku Salima kuno si limodzi. Makande a m'minda ya mpunga ku Lifuwu ndi akuda, onata, pomwe mchenga wa ku Senga Bay ndi woyera, wodzadza ndi timiyala ta quartz. Cha ku Chipoka mumchenga mumaoneka mizere yakuda ya timiyala tolemera ta ilmenite, mulinso timiyala tina totchedwa garnet ndi zircon. Katswiri wa miyala akaika dothi pa maikulosikopu amaona mtundu wake, kukula kwa timiyala, ngati tinasalala pokokoloka ndi madzi kapena tikadali tosongoka, ngakhalenso mungu wa zomera ndi phulusa zomwe zalowamo.

Koma chimene ndikufuna mugwiritsitse n'chakuti matope amasanjikizana motsata ulendo. Mu 1908 ku Germany kunaphedwa mayi wina, Margarethe Filbert, ndipo woganiziridwa anati tsikulo anali kumunda kwake. Katswiri Georg Popp anasenda matope a kunsi kwa nsapato za woganiziridwayo pang'onopang'ono. Mkati mwenimweni munali zitosi za atsekwe ngati za pafupi ndi nyumba yake. Pamwamba pake panali dothi la miyala yofiira lofanana ndi la pomwe panapezeka mtembo, ndipo kunja kwenikweni kunali malasha, njerwa ndi simenti za pabwinja la linga lakale pomwe panabisidwa mfuti ndi buluku lake. Dothi la kumunda komwe ankanenako munalibe. Bodza linagwidwa choncho.

Madigadi a njinga yanu asunga ulendo mofananamo. Mukapala n'kuunjika pamodzi, dongosolo lonselo latha. Ndiye jambulani zithunzi, muisunge pomwe mvula siifika, ndipo mupemphe apolisi kuti adzatenge okha chibuma chathunthu, cha kutsogolo pachokha, cha kumbuyo pachokha. Chiume kaye chisanatsekeredwe, chifukwa dothi lonyowa limachita nkhungu mupulasitiki. Mukatenga nokha, kukhoti loya adzangoti munamatapo ndinu. Pafunikanso dothi la komwe mukukayikirako kuti afananitse. Akatswiri a miyala tili nawo ku Geological Survey, nthambi ya boma yofufuza za miyala ku Zomba, ndiye mufunseni wapolisi wofufuza nkhaniyi ngati angatumizeko.

Chimodzi chikundidetsa nkhawa. Ndaona ena muno ayamba kale kutchula midzi poona kuti matopewo ndi akuda. Chonde tisatero. Makande aliponso m'madambo ambiri mpaka ku Nkhotakota, ndipo ngakhale dothi litafanana, limangosonyeza komwe njinga inadutsa, osati amene anaikwera. Zokayikira zanu kaziuzeni apolisi, pamodzi ndi nambala ya injini ndi mapepala ogulira njingayo.