Galimoto yanga ya dizilo yafooka chichokereni ku galaja

FUNSO

Zikomo Amisiri. Ndili ndi galimoto ya dizilo ya masilinda anayi, yopanda turbo, yopangidwa mu 1991. Mwezi watha inawira madzi mpaka gasiketi ya hedi (chitsulo chovundikira masilinda pamwamba pa injini) inapsa, ndipo amakaniko anachotsa hediyo, kukaipala, kupera mavavu, kenako n'kuika gasiketi yatsopano pamodzi ndi lamba watsopano wa taimingi. Kuwira kunathadi, koma chichokereni ku galaja galimotoyi sikuyendanso monga kale. M'mawa imavuta kulira, ikalira imanjenjemera n'kumatulutsa utsi woyera wowawa m'maso, ndipo mtunda umene kale ndinkakwera ndi giya yachitatu tsopano ndikukwera ndi yachiwiri. Injini ikatentha utsi umachepa, koma mphamvu sizibwerera. Amakaniko akuti pampu ya dizilo yatha, ndigule ina. Kodi ndiguledi?

Bambo wodandaula

YANKHO

Bambo, pampuyo musayambe mwagula. Pampu imene inkakukwezani mtunda ndi giya yachitatu mwezi watha singathe mwadzidzidzi chifukwa chakuti hedi inachotsedwa n'kubwezeredwa. Mapampu a injini za nthawi imeneyo, monga a mtundu wa Bosch VE ndi ena opangidwa motengera iwo, amatha pang'onopang'ono, ndipo mwini galimoto amayamba kuona zizindikiro miyezi yambiri vuto lisanakule. Vuto lanu labwera pamodzi ndi ntchito ya ku galaja, choncho tiyambe kulifuna m'malo amene munadutsa manja a amakaniko.

Mwatithandiza kwambiri potchula kuti utsiwo ndi wowawa m'maso, pakuti utsi woyera uli pawiri. Pali nthunzi ya madzi, yomwe imazimirira msanga ikangotuluka ku ekizozi, ndipo imeneyi ikapitirira injini itatentha, madzi n'kumachepa mu radiyeta, ndiye kuti gasiketi sinagwire bwino kapena hedi ili ndi mng'alu. Koma utsi umene umachedwa kuchoka, wonunkha dizilo ndi wochititsa misozi, ndi dizilo amene walowa m'silinda n'kutulukamo asanapse. Injini ya dizilo ilibe moto wa pulagi ngati ya petulo. Pisitoni imapanikiza mpweya ka 21 mpaka ka 23 m'injini zakalezi, mpweyawo umatentha kupitirira madigiri 500, ndipo dizilo akapoperedwamo pa nthawi yake amayaka yekha. Akafika mochedwa, akafika wosakanikirana ndi thovu la mpweya, kapena akapeza mpweya umene sunapanikizidwe mokwanira, zotsatira zake ndi zimene mukuonazi.

Ine ndikukayikira taimingi, kutanthauza nthawi imene mavavu amatseguka ndiponso dizilo amapoperedwa m'silinda, kuposa china chilichonse. Lamba amene anasinthidwayo amalumikiza zinthu zitatu kuti ziziyendera pamodzi: kirankishafiti yozungulitsidwa ndi mapisitoni, kamushafiti yotsegula mavavu, ndi pampu ya dizilo, ndipo kirankishafiti ikazungulira kawiri, zinazo zimazungulira kamodzi. Poika lamba watsopano n'kosavuta kuphonya ndi dzino limodzi, makamaka pa pule (gudumu la mano loyendapo lamba) ya pampu, yomwe imakonda kudumpha yokha chifukwa cha masipuling'i a m'kati mwa pampumo munthu akangoisiya. Dzino limodzi limaoneka ngati kanthu kochepa, koma ngati pule ya pampu ili ndi mano 44, mwachitsanzo, dzino limodzilo likufanana ndi madigiri opitirira 16 a kirankishafiti, pamene injini yoteroyo imamva kale kusintha kwa madigiri awiri kapena atatu okha. Dizilo akamafika mochedwa chotero, pisitoni imakhala itayamba kale kutsika, kutentha kwa m'silinda kwayamba kuchepa, ndipo gawo lina la mafutawo limangotuluka ngati utsi. Injini ikatentha zitsulo zake zimathandiza kuyatsa dizilo wochedwayo, n'chifukwa chake utsi umachepa, koma mphamvu sizingabwerere popeza moto ukuyakabe m'mbuyo mwa nthawi.

Khutu lanu likhoza kuchitira umboni pa nkhaniyi. Kumbukirani kalilidwe ka galimotoyi isanadwale, kugogoda kuja kwa dizilo kumene munthu amakuzindikira galimoto isanaoneke n'komwe. Injini imene taimingi yake yachedwa imalira mofewa ngati yazizidwa, ndipo eni ake ena amasangalala kuti yasiya phokoso, osadziwa kuti kufatsako ndiye matendawo. Imene taimingi yake yafulumira imagogoda mwaukali ngati wina akumenya nyundo m'kati mwake.

Apempheni amakaniko avundukule chivundikiro cha lamba inu muli pomwepo, azungulitse injini ndi sipanala maulendo awiri athunthu molunjika kumene imazungulira ikamalira, mpaka pisitoni yoyamba ifike pamwamba penipeni, kenako muone ndi maso anu ngati zizindikiro za taimingi zodindidwa pa mapule onse atatu zikugwirizana. Kuzungulitsa kawiriko n'kofunika, chifukwa zizindikiro zimatha kuoneka zolondola lamba akadali wolefuka, koma n'kusuntha akakungika. Zizindikiro zikagwirizana ntchito sinathe, pakuti pampu yokhayo imamangidwa pa mabauti okhala m'mabowo aatali olola kuipendeketsa pang'ono, ndipo malo ake enieni amayezedwa ndi geji ya muvi imene imalowetsedwa kumbuyo kwa pampu, pakati pa mapaipi a mainjekita, tizipangizo topopera dizilo m'masilinda. Gejiyo imaonetsa mtunda umene kapisitoni ka m'pampu kayenda, womwe pa injini zambiri umakhala pafupifupi milimita imodzi, ndipo nambala yeniyeni ya injini yanu ili m'buku lake. Kuyeza kumeneku sikuyenera kudumphidwa hedi ikapalidwa, chifukwa hedi yopalidwa imatsika pang'ono, ndipo kayendedwe ka lamba kamasintha nayo. Ndikuchenjezeninso kuti musayende ulendo wautali musanaone zimenezi: m'injini ya dizilo mpata wa pakati pa pisitoni ndi mavavu ndi wochepa zedi, kotero kuti ngati yaphonya ndi kamushafiti, mavavu akhoza kugundana ndi mapisitoni n'kupindika.

Chachiwiri ndi mpweya wolowa m'njira ya dizilo, ndipo kuupeza sikufuna chipangizo chodula. Ikani kapaipi koonekera m'kati pakati pa fyuluta ndi pampu, lizani injini, muyang'ane. Kathovu kamodzi kapena kawiri poyamba si nkhani, koma thovu likamayenda mondondozana osaleka, kapena mukapeza m'mawa kuti dizilo wabwerera ku thanki n'kusiya paipi yopanda kanthu, ndiye kuti pali pena pakuyamwa mpweya. Malo oterewa nthawi zambiri sadontha dizilo, n'chifukwa chake amanamiza anthu ofufuza ndi maso okha. Kawirikawiri olakwa amakhala mawashala a kopa amene anabwezeredwa akale m'malo moika atsopano, kapena timapaipi ta labala tobweza dizilo kuchokera ku mainjekita, tomwe timauma ndi ukalamba ndipo timang'aluka tikangosololedwa kamodzi.

Taimingi ndi mpweya zikapezeka zili bwino, pitani pa kompuleshoni, kapanikizidwe ka mpweya m'silinda, ndipo apa pali mafunso awiri oti muwafunse amakaniko mwaulemu. Loyamba ndi lakuti kodi anayezanso mpata wa mavavu atatha kuwapera. Vavu yoperedwa imalowa m'kati pang'ono pa mpando wake, mpata wake umachepa, ndipo ikapanda kutseka kotheratu mpweya umathawira pomwepo. Lachiwiri ndi lakuti gasiketi anaisankha bwanji. Pa injini zambiri za dizilo mapisitoni amatulukira pang'ono pamwamba pa buloko, ndipo magasiketi amabwera mokhuthala mosiyanasiyana, ozindikiridwa ndi timabowo kapena timipata ta m'mphepete mwake. Amakaniko ena amangotenga yokhuthala kwambiri poganiza kuti akuteteza injini popeza hedi yapalidwa, koma potero amachepetsa kompuleshoni, ndipo galimoto imayamba ulesi wa m'mawa. Geji ya kompuleshoni ya dizilo ndiyo imathetsa mkangano umenewu. Kuti muone kukula kwa manambala ake, injini ya Toyota 2L imayenera kuonetsa pafupifupi 32 kg/cm², osatsika pa 20, ndipo masilinda asasiyane kupitirira 5. Manambala a silinda iliyonse alembedwe papepala, musakhutire ndi mawu akuti "ili bwino".

Mapulagi otenthetsa, amene amathandiza injini yozizira kulira, musawaiwale, ngakhale kuti iwo sangakhale chifukwa cha kufooka pa mtunda, popeza ntchito yawo imatha injini ikangolira n'kutenthako. Chingwe chawo chimachotsedwa pochotsa hedi ndipo nthawi zina chimabwezeredwa cholefuka. Pulagi yabwino imaonetsa pafupifupi ohm imodzi pa mita yoyezera magetsi.

Ponena za mainjekita, pali njira yakale yodziwira silinda imene ikugona. Injini ikulira galimoto itaima, amakaniko amamasula pang'ono nati ya paipi ya injekita imodzi, ataiphimba ndi nsanza, kenako n'kuimanganso asanapite pa yotsatira. Kalilidwe kakasintha ndiye kuti silindayo imagwira ntchito. Kakapanda kusintha, mwapeza yodwala. Izi zisiyireni wodziwa, ndipo dzanja lisayandikire pamene pakutuluka dizilo, chifukwa mainjekita amenewa amatseguka pa mphamvu ya pakati pa 110 ndi 150 bar, yokwanira kuboola khungu. Pa magalimoto amakono a common rail (amene mainjekita awo onse amalandira dizilo kuchokera m'paipi imodzi), omwe mphamvu yake imapitirira 1,000 bar, njirayi ndi yoletsedwa kotheratu. Injekita yokayikitsa ikayezedwe pa makina kuti aone ngati ikufaza dizilo bwino kapena ikungodontheza, ndipo poibwezera pansi pake paikidwe washala watsopano.

Zinthu ziwiri muzikane ngakhale wina atakuuzani kuti zimathandiza. Musalole kuti akhudze sikuluwu yowonjezera dizilo pa pampu pofuna kubweza mphamvu, chifukwa utsi woyera udzangosanduka wakuda, injini idzatentha kwambiri, ndipo vuto lenileni lidzabisika. Musapoperenso mankhwala oliziritsa injini m'paipi ya mpweya, pakuti akakumana ndi pulagi yotentha amaphulika nthawi isanakwane ndipo akhoza kuthyola maling'i a pisitoni kapena kuwononga gasiketi yanu yatsopanoyo.

Zonsezi zikayezedwa n'kupezeka zolondola, apo ndiye mukhoza kuchotsa pampu, koma osati kuti mukagule ina ayi. Ipite pamodzi ndi mainjekita onse anayi kwa odziwa za mapampu amene ali ndi makina oyezera, akaone kuchuluka kwa dizilo amene ikupereka ku silinda iliyonse, ndiponso ngati kachipangizo kake kofulumizitsa taimingi injini ikamathamanga sikanamatirire.