Kodi samu zingajambule mtengo?

Funso: Aphunzitsi athu akuti nthambi za mtengo zimatsatira samu, moti kompyuta itha kujambula mtengo osauona n'komwe. Zoona zimenezi kapena amangotinamiza? Wophunzira wa Fomu 3, Zomba

Yankho: Ayi sakukunamiza. Mu 1968 Aristid Lindenmayer, katswiri wa zomera wa ku Hungary yemwe ankaphunzitsa pa yunivesite ya Utrecht, anabweretsa njira yomwe pano amati L-system, iyeyo ankafufuza mmene maselo a ndere zangati ulusi amagawikirana. Tenga malamulo awiri basi: A asanduke AB, B asanduke A. Ukayamba ndi A upeza AB, kenako ABA, kenako ABAAB, ndiye ukamawerenga zilembozo zikupita 1, 2, 3, 5, 8, manambala otchedwa a Fibonacci, omwe nambala yotsatira imapezeka pophatikiza ziwiri zam'mbuyo mwake.

Tsono pa mtengo kompyuta imatenga chizindikiro chilichonse ngati lamulo, ichi jambula kamzere, ichi khota madigiri 25, ichi bwerera pomwe nthambi inaphukira, ikangobwereza kangapo chitsamba chatuluka kale pa sikirini. Mitengo yambiri ya m'magemu imapangidwa mwanjira yofanana ndi imeneyi.

Leonardo da Vinci, katswiri wojambula wa ku Italy, naye anaona kalekale kuti ukadula nthambi zonse pamsinkhu umodzi n'kuphatikiza kukula kwa podulidwapo, zimayandikira kukula kwa thunthu. Koma zimangoyandikira, si ndendende. Mtengo weniweni umapendekera kuli dzuwa, mphepo imauthyola, mbuzi zimadya nsonga, n'chifukwa chake akatswiri amaonjeza manambala amwayi m'malamulo a kompyuta aja kuti nthambi zisamatuluke zofanana zonse.