Foni imasulire zakupweteka, chilolezo cha opaleshoni ayi

Namwino wina wogwira ntchito kufupi ndi Dzaleka wandilembera. Akufunsa ngati n'kulakwa kugwiritsa ntchito Google Translate kapena ChatGPT wodwala mwakayakaya akafika usiku akungolankhula Chiswahili kapena Chirundi.

Achemwali, funso lanuli landifika pamtima. Malume anga anadwala mwadzidzidzi ku Joni, wowathamangitsira kuchipatala ndinali ine. Iwo Chiyao ndi Chichewa basi, namwino Chizulu, dokotala Chingerezi. Zamutu ndi zam'mimba tinamasulirana bwinobwino. Dokotala atafika pa zamkodzo ndi zakumaso, malume anangoti zii, maso kukhoma. Munthu wamkulu angaulule zimenezo pamaso pa mphwake? Usiku umenewo akanasankha foni, osati ine. Ndiye amene amati "ingoitanani wachibale" ine sindigwirizana nawo. Wachibale amafewetsa nkhani, amabisa, kenako amayamba kuyankhira wodwalayo. Zoimika mwana wapulayimale kuti amasulire za kutaya magazi kwa amayi ake ndiye nkhanza zenizeni.

Komatu foniyo musaipembedze. Mu 2014 madokotala a ku Nottingham anayesa kumasulira ndi Google Translate ziganizo 10 zachipatala m'zilankhulo 26, zolondola zinangokwana 57.7 peresenti. Chiswahili chanu chomwechi ndiye chinali kumapeto, 10 peresenti, mpaka chiganizo chonena kuti mwana wagwa khunyu chinatuluka kuti mwana wamwalira. Inde makinawa achangamuka kuyambira pamenepo. Chichewa chinalowa mu Google Translate chaka chomwecho, Chirundi ndi Chitumbuka mu 2024. Koma amaphunzira kuchokera pa zolembedwa za pa intaneti, ndipo zilankhulo zathu zalembedwa pang'ono. Ngakhale Chitchaina, chokhala ndi mabuku osawerengeka, chinapeza 81 peresenti pa kafukufuku wa ku California wa 2019 wa malangizo opatsa odwala potuluka. Chondinyansa ine n'choti makinawa akalakwitsa sachita chibwibwi, amalankhula mwaulemu komanso modzidalira.

Ndiye mutani?

Mphindi zoyambazo foniyo igwiritseni ntchito, kuposa kungoyang'anizana. Funso limodzi lalifupi nthawi imodzi: pakupweteka pati, zayamba liti, muli ndi pakati? Wodwala aloze ndi chala, abwereze zimene wamva. Dzina lake musalembemo. Za mlingo wa mankhwala, chilolezo cha opaleshoni ndi uthenga wamaliro, dzutsani munthu wodziwa zilankhulo zonse ziwiri, ngakhale pomuimbira foni, ndipo nambala za anthu otero muzimate pakhoma la wodi.